Kagalimoto kanga ka dizilo kakufuka utsi komanso dzimbiri lalowa, ndiyambire pati?

Kadizilo03:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kagalimoto ka dizilo ka 2003, injini ya 1.9 ya turbo, kayenda makilomita 280,000 ndipo ndimakakonda zedi chifukwa mafuta kamangonyambita. Koma miyezi iwiri yapitayi kayamba kundidandaulitsa. Mmawa kukazizira kamavuta kulira, ndimapotokola kiyi katatu kanayi, kakalira kamatulutsa utsi woyera wonunkha dizilo kenako umatha. Pamtunda ndikaponda kwambiri kamafuka utsi wakuda kenako mphamvu zimathera pompo ngati wina wakagwira kumbuyo, ndikazimitsa nkulizanso kamayenda bwinobwino. Ndiye dzulo ndikutsuka ndinaona penti yatupa timatuza pamwamba pa tayala lakumbuyo, nditadina ndi chala panangofumbutuka ngati khungwa louma. Ndiyambe kukonza chiti?

MakanikoWakale:
Achimwene zomwe mwanenazo ndi matenda awiri osiyana, musalole munthu akuuzeni kuti injini yatha. Zakuvuta kulira mmawazo yambani ndi ma heater plug, dizilo ilibe ma spark plug, imayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizika, ndiye injini ikazizira ma heater aja ndi amene amathandiza. Utsi woyerawo ndi mafuta omwe sanapse. Kuyeza kwake nkosavuta, ndi kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter, heater plug yamoyo imawerenga pafupifupi 1 ohm, yakufa siwerenga kanthu. Koma pomasula modekha chonde, injini ikhale yofunda, akakhalitsa amamatirira ndipo ikathyokera mkatimo ntchito yaing'ono yasanduka yochotsa head, mutu wonse wa injini.

Za pamtundazo ndi limp mode, kompyuta ikudula mphamvu dala pofuna kuteteza injini. Kawirikawiri ndi mwaye. Valavu yotchedwa EGR imabweza utsi wina kulowa mu injini, utsi uja ukakumana ndi nthunzi ya oyilo umapanga phala lakuda ngati phula, ndinatsegulapo manifold ina (njira yolowetsa mpweya mu injini) bowo lotsala linali loti chala chimodzi chokha nkulowa. Mwaye womwewo umagwiranso timapiko ta mkati mwa turbo ngati ili ya mtundu wa VNT, ya timapiko tosuntha. Musanagule turbo onani timapaipi ta vacuum ndi paipi yaikulu yopita ku intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo), ikang'ambika mumamva kufwiii ndipo pamakhala ponyowa ndi oyilo. Ikani pa kompyuta muone code, nambala yosonyeza vuto, osagula zinthu mongolota.

Mai_Wotcherera:
Zonse anena akuluwa nzoona koma ine ndikuti musagule ngakhale heater plug imodzi musanalowe pansi pa galimotoyo. Injini imakonzeka, bode ikadyeka pomwe pamagwira mawilo nkhani yatha. Matuza mwaonawo dziwani kuti dzimbiri layambira mkati, matope amakhala kuseri kwa madigadi osauma, pofika poonekera pa penti ndiye kuti labowola kale. Tengani tochi ndi sikuludiraiva, mugogode chitsulo chachitali chija chili pansi pa zitseko, makamaka poika jeke. Cholimba chimalira ngwee, chowola chimangoti phuphu ndipo sikuludiraiva imalowa. Kenako onani subframe (chimango chachitsulo chapansi chomwe chimagwira miyendo ya galimoto), komanso pomwe pamakhala ma spring akumbuyo, ndi timapaipi ta mabuleki, timapaipi timeneto ndiye timandiopsa ine chifukwa timaphulika tsiku lomwe mwaponda mwamphamvu. Chotsaninso tayala la sipeya muone ngati simunadikhe madzi.

Ndipo wina akakuuzani kuti angomata puti nkupopera penti mukane, miyezi ingapo matuza abweranso. Powola pamafunika kudula mpaka chitsulo chabwino, kuwotcherera chatsopano, kenako kupaka mankhwala mbali zonse ziwiri.

Chimz_88:
Mayi akunena zoona ndithu. Ine yanga ndinasintha ma injekita, kilachi ndi flywheel yomwe, inkagogoda ikangoima pa idle, ndinasangalala kuti basi yatheka. Patapita masabata atatu tayala linaphwa, ndikukweza ndi jeke ndinangomva khwa, jeke yalowa mkati mwa bode galimoto osanyamuka olo pang'ono, tizidutswa tofiira tili mbwee pansi. Zinandiwawa kwambiri mpaka pano. China choti muone, pansi pa galasi lakutsogolo pali timabowo totulutsa madzi amvula, timatsekeka ndi masamba ndiye madzi amalowera mu kapeti. Pisani dzanja pansi pa kapeti osangokhudza pamwamba, siponji ya pansiyo imasunga madzi miyezi ikudya chitsulo komanso mawaya.

Kadizilo03:
Zikomo kwambiri nonse, ndalowa pansi madzulo ano. Kumanja kuli bwino, kumanzere poika jeke pafewa malo ngati chikhatho, subframe ili ndi dzimbiri lapamwamba chabe ndagogoda ikulira bwino. Kapeti ya kutsogolo inalidi yonyowa, masamba ndachotsa odzaza manja awiri. Timapaipi ta mabuleki takumbuyo tachita nkhanambo, sindikukayendetsanso mpaka titasintha.

MakanikoWakale:
Ndiye kapulumuka, poteropo pamawotchereka. Akamawotcherera auzeni achotse waya wa batire ndipo asuntheko kapeti ndi paipi ya mafuta. Funso limodzi achimwene, timing belt, lamba woyendetsa ma valve mogwirizana ndi ma piston, inasinthidwa liti? Ngati mulibe umboni sinthani pamodzi ndi tensioner ndi water pump, pa injini zimenezi ikaduka ma piston amamenya ma valve. Onani m'buku la galimotoyo makilomita ake, ndipo mutiuze code yomwe itatuluke pa kompyuta.