Agogo athu atuluka ku ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya), nazi zimene zinachitika

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati tivomere kuti agogo athu a zaka 88 awaike pa makina othandiza kupuma chibayo chitawapanikiza. Nthawi imeneyo m'banja mwathu aliyense ankanena zake.

Tinatsatira malangizo a mayi amene anati tipemphe madokotala ayese makinawo kwa masiku ochepa amene tagwirizana, kenako tikhalenso pansi kuona ngati thupi likulandira mankhwala. Adokotala sanaone zaka zokha ayi. Anafunsitsa za moyo wa agogo asanadwale: ankayenda okha? Ankasamba okha? Ankadya bwino? Anatifunsanso zimene eni akewo akanafuna. Tinamvana kuti mtima ukaima asawatsindike pachifuwa pofuna kuudzutsa, poti nthiti za okalamba zimathyoka msanga ndipo ochira pambuyo pake ndi ochepa.

Chibayo chinatha, paipi ya pakhosi anaichotsa. Chimene chinatipweteka mtima ndi kusokonezeka mutu. Usiku ankazula timapaipi ta m'manja, ine mdzukulu wawo osandizindikira. Anamwino anati zimachitika kawirikawiri kwa okalamba m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Kuwabweretsera magalasi awo, kutsegula makatani masana, ndi kuwakumbutsa tsiku ndi malo amene ali kunathandiza ndithu.

Pano ali kunyumba, ofooka kwambiri, sakuyendabe okha.

Inu amene mwakumana ndi zoterezi, paipi ikachoka musafulumire kudyetsa wodwala. Pemphani ayambe amuyeza ngati akumeza bwino, chifukwa chakudya chikalowera m'mapapo chibayo chimabwereranso.