Zotsatira za funso langa la mbuna ndi zomera m'thanki lalikulu

Mwezi watha ndinafunsa ngati mbuna, nsomba za m'miyala za m'nyanja ya Malawi, zingakhale pamodzi ndi ma neon tetra (tinsomba tating'ono tonyezimira) m'thanki la malita 400 lomwe ndinkafuna kudzalamo zomera zambiri, ndipo ambiri mwa inu munandiletsa. Ndatsatira malangizo anuwo. Ma tetra kwawo ndi ku Amazon, kumene madzi amakhala a asidi pang'ono, pomwe mbuna zinazolowera madzi osakhala a asidi, a pH (muyezo wa asidi m'madzi) ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, komanso ndi ukali wake polimbirana malo sizikanalola tinsombato kukhala pamtendere.

Ndinasankha mbuna zachikasu zotchedwa Labidochromis caeruleus, popeza ndi zofatsirako poyerekeza ndi zinzake, ndipo ndinaonjezerapo nkholokolo zomwe zimakonda kukhala pansi.

Nkhani yovuta inali ya zomera, chifukwa mbuna zimakumba mchenga ndi kubudula masamba ofewa. Anubias ndi Java fern ndinazimangirira pamiyala m'malo mozikwirira, ndipo nsombazi sizikuzidya popeza masamba ake ndi olimba. Vallisneria, yemwe amamera ngakhale m'nyanja mwathumo, ankazulidwa kawirikawiri mpaka nditatchinga mizu yake ndi miyala, koma tsopano wayamba kuphukira.