Paris kupita ku Nice: pandege ndi mtunda wanji, nanga maola angati?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Kuchoka ku Paris kupita ku Nice, mzinda wa kummwera kwa France, pandege ndi makilomita angati? Ena akuti ndi ola limodzi ndi theka basi, ena akuti bola kukwera TGV, sitima yothamanga kwambiri ya ku France. Zoona ndi ziti?

Woyamba kuyankha: Kuchokera pabwalo la ndege la Charles de Gaulle ndi makilomita pafupifupi 690. Kuchokera pa Orly amachepako pang'ono, poti bwaloli lili chakummwera kwa mzinda. Ola ndi thekalo ndi loona, koma limenelo ndi la ndege yokha. Inu werengani chonchi: sitima ya RER B kuchoka pa siteshoni ya Gare du Nord mu Paris kukafika pabwalo la Charles de Gaulle ndi mphindi ngati 35. Ngati muli ndi chikwama chopereka pakauntala, mufikepo kudakali ola ndi theka ndege isananyamuke. Mukatera ku Nice mudikirenso chikwamacho palamba, kenako tram (kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni) nambala 2 ikutulani pakati pa tauni pasanathe theka la ola. Mukaphatikiza zonsezi, maola 4 akwana ndithu, mwinanso kupitirira.

Wachiwiri: Ngakhale zili choncho, ku Nice ndege imafikabe msanga. TGV yochoka pa siteshoni ya Gare de Lyon mu Paris imatha pafupifupi maola 6. Vuto ndi njanji. Ija yothamangapo makilomita 300 pa ola imathera cha ku Marseille, ndipo kuyambira pamenepo sitima imangokwawa m'mbali mwa nyanja, kuima ku Cannes, ku Antibes ndi m'malo ena. Maso amadya bwino, koma nthawi ikupita. Ukanakhala ulendo wa ku Marseille, ndikanati musavutike ndi ndege, poti sitima ndi maola 3 ndi mphindi zochepa. Lamulo la 2023 loletsa ndege zam'dziko momwemo pamene sitima imafika pasanathe maola 2 ndi theka linagwira maulendo ochoka pa Orly kupita ku Lyon, Bordeaux ndi Nantes. Nice sanaikhudze. Iliponso sitima yausiku yochoka pa siteshoni ya Gare d'Austerlitz mu Paris, yogonamo, ngati mukufuna kupulumutsa ndalama ya hotelo.

Wachitatu: Achimwene, yang'anitsitsani zilembo zitatu zili pa tikitipo. CDG (Charles de Gaulle) ndi ORY (Orly) ndi mabwalo awiri osiyana, lina kumpoto lina kummwera. Wochokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa amatera pa CDG. Akagula tikiti yotchipa yonyamukira pa Orly, ayenera kudindsitsa pasipoti, kutenga katundu wake, n'kudutsa naye Paris yense pa RER B ndi metro (sitima yapansi panthaka) nambala 14. Osachepera maola 4 pakati pa ndege ziwirizo, apo ayi ikusiyani. Ndipo matikiti akakhala ogulidwa padera, ndege yoyamba ikachedwa kampani yachiwiriyo ilibe nanu mlandu, mugulanso ina.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga pagalimoto?

Wachiwiri: Makilomita oposa 900 kudzera pa A6, A7 ndi A8, maola ngati 9 osawerengera kupuma, ndipo misewu yonse itatuyi ndi yolipira. Loweruka la mu Julaye kapena Ogasiti musayerekeze, A7 imadzaza kuyambira ku Lyon.