Thandizeni pa mawu olumikiza ziganizo m'Chingerezi cha kuofesi

Moni aphunzitsi anzanga nonse.

Ndimaphunzitsa Chingerezi cha bizinesi madzulo kuno ku Lilongwe. Ophunzira anga ndi akuluakulu ogwira ntchito m'maofesi, ambiri ali ndi MSCE, ndipo chomwe akufuna n'kulemba maimelo ndi malipoti osachititsa manyazi kwa abwana. Pomwe tatitimira ndi pa mawu olumikiza ziganizo monga however, therefore, although ndi whereas.

Mutu weniweni ndi although. Amalemba kuti "Although we sent the invoice, but payment is late", kutsatira momwe timanenera ife kuti "ngakhale... koma". However naye amangomuponya paliponse, koma mpatuliro (comma) saika. Wina amayamba ndime iliyonse ndi moreover, akuti amamveka wophunzira.

Ndayesa kuwagawa mawuwa m'magulu pabolodi: osiyanitsa, owonjezera, osonyeza zotsatira. Ntchito yodzaza mipata amakhoza bwinobwino, koma ndikangoti lembani imelo yodandaula kwa wogulitsa katundu, zolakwa zija zonse zabwereranso. Mavidiyo a pa YouTube ambiri saonera, akuti bandulo yadula.

Inu mumatani kuti mawuwa akhazikike polemba zenizeni? Ndiyambe ndi ochepa okha, kapena onse pamodzi? Amene ali ndi ntchito yochita awiriawiri yosafuna intaneti, chonde andigawireko.