Liwu limodzi la Chingerezi kukhala dzina komanso mneni: ana tiwathandize bwanji?

Mphunzitsi_Navutika

Aphunzitsi anzanga ndi nonse odziwa Chingerezi, ndigawireniko nzeru. Ana a sekondale akakumana ndi mawu ngati "plant", "water", "book" kapena "record" amangowadziwa mbali imodzi. Kwa iwo "book" ndi buku basi, "water" ndi madzi basi. Mukawalembera pabolodi kuti "We water the plants every morning" amati m'chiganizomo mulibe mneni. Kodi mwana angazindikire bwanji msanga kuti apa liwu likugwira ntchito ya dzina, apa ya mneni? Nanga katchulidwe kamasintha pa mawu onse otere, kapena ena okha?

aTembo_Katete

Aphunzitsi, anawo si mbuli ayi, chilankhulo chawo ndicho chinawazoloweza zina. M'Chinyanja dzina ndi mneni sizivala malaya amodzi. Timati kufunsa koma funso, kuyankha koma yankho, kulima koma mlimi ndi ulimi. Ngakhale mawu obwereka timayamba tawakonza: penti koma kupenta, loko koma kuloka, polishi koma kupolisha. Mwana akangoona mutu ndi mchira wa liwu wadziwa kale mtundu wake. Chingerezi chinataya zizindikiro zambiri zotere kalekale, n'chifukwa chake "answer" ndi yankho, ndi kuyankhanso. Chomwe chimaulula ntchito ya liwu ndi malo amene lakhala ndi mawu amene layandikana nawo. Ndiye aletseni kufunsa kuti "liwu ili ndi chiyani", azifunsa kuti "pano likuchita chiyani".

Choyamba ayang'ane liwu limene lili patsogolo pake. Ngati pali "a", "an", "the", "my", "this", "some" kapena nambala, ndiye kuti kukubwera dzina: "the water", "my book", "three plants". Ngati pali "I", "we", "they", "will", "can", "must" kapena "did not", kukubwera mneni: "they water", "we must book".

Pa "to" pali msampha, ndipo ana ambiri amakodwa. Anauzidwa kuti pambuyo pa "to" pamabwera mneni, koma si nthawi zonse. Mu "I want to work", "work" ndi mneni. Mu "I go to work", ndi dzina la kumene munthu akupita. Ifenso tili ndi ku- wa mitundu iwiri, wa kugwira ndi wa kuntchito, ndiye auzeni amasulire. Likatuluka "kuntchito", "kusukulu", "kumsika", ndi dzina.

Njira imene kawirikawiri siinama ndi ya "yesterday". Mwana aike liwuli kumapeto kwa chiganizo, aone liwu limene likukakamizika kusintha. "We water the plants" imasanduka "We watered the plants yesterday". Lasintha ndi "water", ndiye mneni ndi ameneyo, "plants" wangokhala phee chifukwa ndi dzina. Tembenuzani, mulembe "We plant near the water": tsopano losintha ndi "plant". Ziganizo ziwirizi zikhale pabolodi moyandikana. Pa piriyodi imodzi mawu khumi akwana, liwu lililonse ziganizo ziwiri, ndipo tengani a pakhomo pawo: farm, plant, water, iron, paint, lock, phone, cook, rain, dress.

NaPhiri_Kapata

A Tembo afotokoza bwino. Ine ndionjezere pamene ana amataya mamalikisi enieni pa mayeso a ECZ (bungwe loyendetsa mayeso ku Zambia), makamaka pa gawo lolembanso ziganizo lija.

Vuto lalikulu ndi "s" wa kumapeto. Pa dzina "s" amatanthauza zambiri, pa mneni amasonyeza kuti wochita ndi mmodzi. Mwana amene sanalekanitse ziwirizi amalemba "The plants needs water" poganiza kuti zambiri ziyenera kuyendera limodzi ndi "s", monga momwe ife timagwirizanitsira kuti mbewu zikufuna, mwana akufuna. M'Chingerezi, pa nthawi ya tsopano, "s" amakhala mbali imodzi: "The plant needs", "The plants need". Muwalembetse "The farmer plants maize" ndi "The farmer's plants are dry", adule mzere kunsi kwa "plants" aliyense, anene chifukwa chake pali "s".

Chachiwiri ndi mawu amene amasintha lembo limodzi. "Advice" ndi dzina, "advise" ndi mneni. Chimodzimodzi "practice" ndi "practise", "licence" ndi "license". Wa "c" ndi dzina, wa "s" ndi mneni. Umu ndi m'kalembedwe ka ku Britain kamene timatsata kuno ku Zambia. A ku America amalemba "practice" ndi "license" mbali zonse, n'chifukwa chake foni kapena kompyuta imene inatcheredwa pa Chingerezi cha ku America imadula mzere wofiira kunsi kwa "practise" ngakhale mwana walemba bwino. Mwana akakayika, aike "advice" kapena "advise" pamalopo, chifukwa awiriwa amamveka mosiyana m'khutu. Pamene pakulowa "advise" alembe wa "s". Khadi lija loyendetsera galimoto ndi "driving licence", koma dalaivala amene ali nalo ndi "licensed driver".

Zolakwika ziwiri zimene zimabwera chaka ndi chaka ndi "He adviced me" ndi "He gave me advices". Yoyamba yaika "ed" pa dzina. Yachiwiri yachulukitsa dzina losawerengeka, chifukwa ife timati malangizo. Zoyenera ndi "He advised me" ndi "He gave me some advice". N'chimodzimodzi "produce" wa zokolola: nshawa, soya ndi chimanga pamodzi ndi "farm produce", osati "produces". Funso likati muyambe ndi "His advice", mwana adziwe kuti akumuuza kusandutsa mneni kukhala dzina, ndiye chiganizo chifunika mneni wina, monga "was": "His advice was that I should wait".

Za katchulidwe ine ndinganene kuti musataye nazo nthawi yambiri, mayeso ake ndi olemba.

aZulu_Mwami

Mayi NaPhiri, pa mawu otsirizawo ndikupemphani tisiyane pang'ono. Mwana sadzathera pa mayeso, adzakaima pamaso pa anthu pofunsira ntchito. Komanso katchulidwe kamathandiza kalembedwe komwe, ndisonyeza.

Aphunzitsi, yankho la funso lanu lachiwiri ndi lakuti ena okha. Mawu ambiri sasintha n'komwe: water, book, answer, visit, promise, report, support, control. Amene amasintha ambiri ndi a maphatikizo awiri, ochokera ku Chilatini ndi Chifalansa. Pa dzina mawu amatsindikidwa pa phatikizo loyamba, pa mneni pa lachiwiri: REcord ndi reCORD, PREsent ndi preSENT, PERmit ndi perMIT, PROduce ndi proDUCE, EXport ndi exPORT, OBject ndi obJECT, INcrease ndi inCREASE. Pepala limene munthu amasonyeza pachipata cha Mwami, pamalire a Zambia ndi Malawi, ndi PERmit, koma ofisala akamulola kudutsa ndiye kuti "they perMIT him".

Chifukwa chimene ife timaphonyera n'chosavuta kuchiona. Chinyanja chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo liwu la Chingerezi timaliwonjezera "i" kumathero. "Record" akakhala rekodi, kulemera kumagwera pa "ko". "Permit" akakhala pemiti, kumagwera pa "mi". Mapeto ake dzina timalitchula ndi kutsindika kwa mneni. Choncho kwa ana athu mbali yovuta ndi dzina. Aziomba m'manja pa phatikizo lotsindikidwa, ndipo asamalize ndi "i". Musawaope kuti sangamve kusiyanako. Khutu limene limalekanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika silingalephere REcord ndi reCORD.

Pali kagulu kena kamene kalembedwe sikasintha koma kumapeto kumamveka "s" pa dzina, "z" pa mneni: use, excuse, abuse, house. "Refuse" ndiye amasintha zonse, kutsindika, kamvekedwe ndi tanthauzo lomwe. Dzina ndi zinyalala, monga pa zikwangwani zoletsa kutaya zinyalala zija, mneni ndi kukana.

Tsopano za kalembedwe zija. Mwana amafunsa chifukwa chake timalemba "permitted" ndi "t" awiri koma "visited" ndi mmodzi. Yankho lili pa kutsindika. PerMIT amalemera kumapeto, ndiye lembo lotsiriza limabwerezedwa. VIsit amalemera koyambirira, silibwerezedwa. Amene amatchula bwino salakwitsa pamenepa. Mu dikishonale muwaonetse zilembo "n." ndi "v.", ndi kachizindikiro kokhala ngati kamzere kam'mwamba kamene kamaikidwa patsogolo pa phatikizo lotsindikidwa.

Mphunzitsi_Navutika

Zikomo kwambiri akuluakulu, njira ya "yesterday" ija ndiyamba nayo. Kafunso kena: kodi mwana akadziwa tanthauzo la dzina, angangolotera tanthauzo la mneni?

aTembo_Katete

Nthawi zambiri inde, koma asadalire zimenezo. "Water" kukhala kuthirira, "iron" kusita, "milk" kukama, zimenezi zimaloteka. Koma "book" sikuwerenga, ndi kusungitsiratu malo, monga pa basi ya ku Lusaka. "Chair" ndi kutsogolera msonkhano. "Table" ku Nyumba ya Malamulo kuno ndi kupereka nkhani kuti ikambidwe, pamene ku America liwu lomwelo amaligwiritsa ntchito poimika nkhani pambali. "Object" ngati dzina ndi chinthu, ngati mneni ndi kutsutsa. Otere aziwalemba patsamba lawolawo kumapeto kwa kope, aliyense ndi chiganizo chake.

Mukafuna kuwayesa ngati agwiradi, apatseni mitu ya nkhani za m'nyuzipepala, chifukwa kumeneko "a" ndi "the" amachotsedwa. Mutu ngati "Police arrest suspect" uli ndi mawu atatu, ndipo lililonse lingakhale dzina kapena mneni. Palibe chothandiza koma dongosolo la wochita, mneni, wochitiridwa. Abwezeretse mawu ochotsedwawo, alembe "The police have arrested a suspect".

Muwachenjezenso pa chimangirizo. Chingerezi chikupitiriza kusandutsa mayina kukhala aneni: "google" analowa ngati mneni mu dikishonale ya Merriam-Webster mu 2006, ndipo ana okha amati "text me", "WhatsApp me". Pocheza palibe cholakwika. Koma m'kalata yofunsira ntchito kapena mu lipoti, mneni amene sakupezeka mu dikishonale ya kusukulu asamulembe, anene kuti "send me a message".