Antchito akusangalala ndi masewera, koma vuto la katundu silikutha

Wophunzitsa antchito pakampani yogawa katundu:
Anzanga, ndikupempha nzeru. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikugwiritsa ntchito Kahoot, pulogalamu ya mafunso apafoni, pophunzitsa antchito a ku ofesi ya maoda ndi a kosungira katundu, ndipo m'chipindamo mumamveka phokoso lachimwemwe anthu akamapikisana kuyankha mafunso pa mafoni awo. Koma tikabwerera pantchito, vuto lomwe ndinaitanidwira likadalipo: mwezi uno mashelefu adzaza katundu wopanda womufuna, mwezi wamawa tikubweza makasitomala chifukwa katundu watha, ndipo mbali iliyonse ikuloza chala inzake. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti bambo wina amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri amakhala kumunsi kwa mndandanda wa opambana nthawi zonse, chifukwa chala chawo chimachedwa pafoni, moti masiku ano amangokhala kumbuyo atapinda manja. Akuluakulu ayamba kufunsa ngati nthawiyi sikupita pachabe.

Mlangizi wa kayendetsedwe ka katundu:
Achimwene, mafunso apafoni amayesa kukumbukira ndi changu, pamene vuto lanu ndi kuchedwa kwa uthenga pakati pa magulu awiri. Pamenepa pakufunika sewero lofanana ndi ntchitoyo. Yesani Beer Distribution Game, limene linayambira ku yunivesite ya MIT ku America m'zaka za m'ma 1960 kuchokera ku ntchito ya pulofesa wa kumeneko Jay Forrester. Silifuna kompyuta, koma timapepala ta maoda ndi timabatani toimira katundu. Pamakhala malo anayi: wogulitsa kwa anthu, wogulitsa mopikulitsa, wogawa katundu ndi fakitale. Osewera saloledwa kulankhulana, amangopatsirana timapepala, ndipo katundu amafika patapita masabata awiri a m'sewerolo. Kasitomala amayamba kugula mabokosi 4 pasabata, kenako amakweza kamodzi kokha kufika pa 8 n'kukhala pomwepo, koma chifukwa cha mantha aliyense amaitanitsa mopitirira, mpaka fakitale imathera ndi mulu wa timabatani patebulo. Mukawafunsa pamapeto, ambiri amalimbikira kunena kuti kasitomala ankasinthasintha, ndipo mukawaonetsa manambala enieni m'chipindamo mumangoti zii. John Sterman, wa ku MIT komweko, anafufuza khalidwe limeneli mu 1989 pogwiritsa ntchito sewero lomweli.

Mphunzitsi wa anthu akuluakulu:
Ndikugwirizana ndi Mayi alankhulawa, koma ndichenjeze chinthu chimodzi chimene ambirife timalakwitsa. Timathera mphamvu zonse pokonza sewero, kenako nthawi ikatha timangowomba m'manja n'kubalalika, pamene phunziro lenileni lili m'kukambirana kwa pambuyo pake. Katswiri wa zamaphunziro David Kolb analongosola mu 1984 kuti munthu amaphunzira pochita chinthu, kusinkhasinkha zomwe zachitika, kutolapo mfundo, kenako kuyesa mfundoyo pantchito. Ine ndikakhala ndi maola awiri, ola lathunthu ndimalisiyira zokambirana. Ndimayamba ndi kufunsa mmene anamvera mumtima katundu atawathera, chifukwa munthu amene akadali wokwiya samva za manambala, kenako ndimafunsa tsiku limene zoterezi zinawachitikira pantchito yeniyeni. Musayankhe m'malo mwawo ngakhale atakhala chete kwa kanthawi. Muwasinthanitsenso mipando, wa ku ofesi akhale kosungira katundu, kuti amve yekha kuwawa kolandira oda yaikulu mwadzidzidzi.

Woyang'anira antchito:
Za bambo aja ndizo zandikhudza. Munthu wamkulu akachititsidwa manyazi pamaso pa ana amene anawaphunzitsa yekha ntchito, sabwereranso ndi mtima wonse. Chotsani mndandanda wa mayina, anthu aziyankha m'magulu a atatu, ndipo nthawi yoyankha italikitsidwe. Komabe mafunsowo musawataye. Kafukufuku wa Roediger ndi Karpicke wa 2006 anaonetsa kuti kudziyesa pokumbukira kumathandiza kusunga zinthu nthawi yaitali kuposa kuwerenga mobwereza, choncho ndi abwino pa malamulo a chitetezo ndi manambala a katundu.

Wophunzitsa antchito pakampani yogawa katundu:
Zikomo kwambiri nonse. Tinasewera Lachisanu ndi anthu asanu ndi atatu, awiriawiri pamalo alionse, ndipo bambo aja ndinawaika pafakitale. Mulu wa timabatani utawachulukira, anaimirira n'kunena kuti izi n'zimene amaziona chaka chilichonse koma palibe ankawamvera, ndipo zokambirana anazitsogolera ndi iwowo. Magulu awiriwa agwirizana okha kuti m'mawa uliwonse azionetsana chiwerengero cha katundu amene wagulidwadi, osati maoda okha. Funso langa latsala kwa Mayi alangizi: ndikafuna kuonetsa akuluakulu ngati zasintha, ndiwerenge masiku amene katundu watha kapena kuchuluka kwa wotsalira?

Mlangizi wa kayendetsedwe ka katundu:
Werengani zonse ziwiri sabata iliyonse, chifukwa mukayang'ana chimodzi chokha anthu adzachikonza powononga chinacho, ndipo muyerekeze ndi miyezi itatu yapitayi pa mitundu yomweyo ya katundu.