Gulu la banja: ulendo wa mzime kuchipatala Lachinayi

Amayi: Mwaswera bwanji nonse. Mzime wagwanso m'mawa uno akutuluka m'bafa. Sanavulale, koma ine mtima suli m'malo. Adokotala a mtima atipatsa Lachinayi ndipo kuntchito andikaniza. Amuperekeza ndani?

Achemwali aakulu: Ndipita ndine amayi. Koma ulendo uno tisapite chimanjamanja. Kulikonse amamuyeza atakhala pampando, mtima uli phee, n'kutiuza kuti ndi nkhawa za mayeso.

Amalume: Kodi mwina si nkhawa zomwezo? Atsikana a msinkhu umenewu amaganiza zambiri.

Mzime: Amalume, ndi nkhawa yanji imene imabwera ndikaimirira n'kutha ndikagona? M'maso mumada, makutu amalira, mtima umagunda mpaka kukhosi. Ndikangogona pansi ndimakhala munthu.

Msuweni namwino: Zimene akunenazi zikufanana ndi matenda otchedwa POTS, ngakhale otsimikiza ndi adokotala. Munthu akaimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposa amatsikira m'mimba ndi m'miyendo. Mwa ambirife mitsempha imafinya n'kuwabweza kumtunda ife osadziwa n'komwe. Mwa wodwala POTS kubwezako kumavuta, ndiye mtima umathamanga kuti ubongo usasowe magazi. Muyeso wake ndi uwu: kugunda kwa mtima kukwere ndi 30 pa mphindi kapena kuposa mkati mwa mphindi 10 munthu ataimirira, BP osatsika kwambiri, vuto litakhala miyezi itatu kapena kuposerapo. Kwa wa zaka 12 mpaka 19 amafuna 40.

Amayi: Iye ali ndi 18, ndiye zake ndi 40.

Azakhali: Tsiku lina titaima pamzere ndinamuyang'ana kumapazi. Anali atadera ndi kutupa ngati wina wamanga chingwe m'mawondo. Atakhala pansi n'kukweza miyendo, anabwerera mwakale.

Msuweni namwino: Amenewo ndi magazi aja azakhali. Mukawauze adokotala zimenezo, achemwali.

Amalume: Ndaona pa intaneti. Akuti ndi matenda a akazi.

Msuweni namwino: Akazi ndiwo ochuluka ndithu amalume, pafupifupi anayi mwa odwala asanu alionse, makamaka a zaka 15 mpaka 50. Mwa zina, mtima wa mkazi umakhala wocheperako ndipo magazi m'thupi ndi ocheperako, komanso ambiri amati zimakula akakhala kumwezi. Koma amuna samasiyidwa. Mu 1871 dokotala Jacob Da Costa analemba za asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya ku America amene mtima unkawathamanga ndi kuwachititsa chizungulire mofanana ndi izi. Dzina la POTS linadza mochedwa, mu 1993, kuchokera kwa madokotala Schondorf ndi Low a ku chipatala cha Mayo Clinic ku America.

Achemwali aakulu: Chimene chikundipsetsa mtima ine n'chakuti akazi ndiwo ambiri, koma ndi omwenso amachedwa kukhulupiriridwa.

Msuweni namwino: Zoona. Kafukufuku wa mu 2019 wa odwala oposa 4,800 anapeza kuti theka la iwo linadikira zaka ziwiri kapena kuposa asanauzidwe dzina la matenda awo, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi anauzidwapo kuti vuto lili m'maganizo. Kafukufuku wina wa mu 2021, wotsogozedwa ndi a ku University of Calgary ku Canada, anaonetsa kuti akazi amadikira nthawi yaitali kuposa amuna. Mkazi akafika ndi mutu waching'alang'ala, mseru, kutopa, mtima kuthamanga, zonse pamodzi, mawu oti nkhawa sachedwa kutuluka.

Azakhali: Achimwene, mwangoti zii. Nanga mnyamata wanu uja? Chichirireni COVID-19 wasiya mpira, akakwera masitepe amagwira khoma. Ndinamufunsa, akuti ndi kutopa chabe.

Amalume: Iyeyo anandipempha kuti ndisazinene pagulu. Akuopa kuti anzake amuseka kuti ndi wofooka.

Amayi: Achimwene, mwana azibisa matenda chifukwa cha anzake? Pano pali banja lokhalokha.

Msuweni namwino: POTS imayamba kawirikawiri pambuyo pa matenda a mavairasi, COVID-19 yomwe, kapena opaleshoni, kapena mimba. Mnyamata vuto lake ndi lina: amabisa, ndipo poti amuna odwala ndi ochepa, oyeza mwina saiganizira msanga. Nayenso ayezedwe.

Amalume: Chabwino. Ndilankhula naye madzulo ano pawiri. Tiyeza bwanji?

Azakhali: Makina anga oyezera BP amaonetsanso kugunda kwa mtima. Ndiwatumiza mawa, mabatire ndi atsopano. Mzime akamaliza, makinawo apite kwa achimwene.

Msuweni namwino: Muziyeza m'mawa, nthawi imene zimavuta kwambiri. Agone chagada mphindi 10, muyeze, mulembe. Aimirire osasunthasuntha, muyeze pa mphindi 2, pa 5 ndi pa 10. Wina aime pambali pake. Akati m'maso mwada, agone pompo, musakakamize kuti mphindi zikwane. Kuchipatala mwina akamugoneka pa bedi lopendekeka lomwe amaliimika pang'onopang'ono, ndipo akamuyeza magazi kuti aone ngati si kuchepa kwa magazi kapena chithokomiro.

Achemwali aakulu: Ndalemba zonse m'kope. Mzime, masiku ako a kumwezi unditumizire pandekha, tiyerekeze ndi masiku amene umagwa.

Mzime: Zikomo achemwali, pano ndinali nditachita kale manyazi.

Amayi: Nanga zamchere zimene ndamva? Ndiyambe kumuwonjezera?

Msuweni namwino: Madzi ayambe lero, malita awiri kapena atatu pa tsiku, ndipo azidzuka pang'onopang'ono, asasambe madzi otentha kwambiri. Mchere, masokosi othina ofika m'chiuno ndi mankhwala monga propranolol kapena midodrine, dikirani mawu a adokotala. Ndipo mchere wake usalowe mumphika wa onse, azakhali ali ndi BP yokwera.

Amalume: Galimoto ndibweretsa ndine Lachinayi 6 koloko m'mawa. Mnyamata akavomera akwera nafe, tikamufunsire tsiku lake.

Achemwali aakulu: Mpando wakumbuyo ukhale wa mzime yekha kuti azitha kugona. Amayi, musaiwale kabuku kake ka kuchipatala.